Menyu ya Openbox yasiya kuonetsa mapulogalamu? Chotsani chida chakalecho muike chatsopano, umu ndi momwe mungachitire

Mlamu wanga ali ndi kabaraka kosindikiza ndi kufotokopa mapepala kuno ku Ulongué, ndiye tsiku lina m'mawa anandiimbira kuti achimwene tabwerani laputopu yalowa vairasi, ndikadina pa sikirini kukungobwera kabokosi kachizungu ndipo pulogalamu yosikanira yomwe tinaika dzulo sikuoneka paliponse, apa n'kuti anthu atafola panja ndi ziphaso zawo za BI. Sinali vairasi ayi. Tinali titangoikweza Debian yake (mtundu wa Linux) kupita pa yatsopano, koma menyu inali ikuitanabe chida chomwe chinachotsedwa kalekale. Vuto lomweli ndalipeza pa makompyuta angapo, wina mpaka anakwera nayo chapa kuchokera ku Tsangano akuganiza kuti ikufunika kufomatidwa.

Ambirife malaputopu athu ndi akaunjika, RAM yake 2 GB, ndiye timaikamo Debian ndi Openbox, kapulogalamu koyendetsa mawindo ndi menyu pa sikirini (window manager), kuti iziyenda mopepuka. Zida zakale zomwe zinkapanga mndandanda wa mapulogalamu pamenepo ndi ziwiri. China ndi pakeji yotchedwa menu, ya Debian yomwe, ija ya update-menus, imene komiti ya zaukadaulo ya Debian inagamula mu 2015 kuti mapulogalamu okhala ndi fayilo ya .desktop asamaigwiritsenso ntchito, n'chifukwa chake chaka ndi chaka menyu yolembedwa Debian ija imanka ichepa. China ndi obmenu ndi kamwana kake obm-xdg, zolembedwa mu Python 2, ndipo Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 January 2020, mu Debian 11 obmenu mulibenso. Masiku ano pulogalamu iliyonse imabwera ndi kafayilo kake ka .desktop, ndiye ntchito yathu ndi kuika chida chomwe chimawerenga timafayilo timeneto ndi kuuza Openbox kuti asiye kuitana akufa. Basi.

## Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta ya Debian 11, 12 kapena 13 yokhala ndi Openbox. Zina zobadwa kwa Debian zimayenderanso chimodzimodzi.
- Pasiwedi ya sudo kapena ya root, yaulamuliro wonse pa kompyutayo.
- Terminal ndi nano. Ngati mumakonda editor ina palibe vuto.
- Mamega ochepa chabe, zomwe tidawuniloda n'zing'onozing'ono, apt update ndi imene imadya kwambiri kuposa mapakejiwo (apt ndi chida choikira ndi kuchotsera mapakeji).
- Fulashi, ngati kompyutayo ili kopanda netiweki.
- Batire yodzadza kapena Credelec yokwanira. Magetsi kuthima muli pakati pa apt si zinthu zabwino.

Kanthu kena musanayambe, ambiri kuno kiyibodi yathu ndi ya Chipwitikizi, ndipo kachizindikiro ka ~ sikatuluka mukangodina kamodzi, mudine batani lakelo kenako space. Zikakutopetsani lembani $HOME pamalo pomwe ndalemba ~, ndi chimodzimodzi.

## Gawo loyamba: kudziwa chomwe chafa

1. Pezani terminal. Ngati menyu ikutsegukabe ndipo terminal ilipo, tsegulani mupitirire. Ngati yafa yonse, sikirini ili bii ndipo kudina sikukuthandiza, dinani Ctrl+Alt+F2, lowani ndi dzina ndi pasiwedi yanu, mulembe

```
DISPLAY=:0 x-terminal-emulator &
```

kenako bwererani ndi Ctrl+Alt+F7, mukapeza terminal itatseguka. Pa makompyuta ena kobwerera ndi F1, yesani onse awiri. Pa malaputopu ambiri muyenera kugwiranso Fn kuti ma F agwire.

Chenjezo: polemba pasiwedi sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi. Sinaime, ingolembani mudine Enter.

2. Onani ngati muli ndi mafayilo anu a Openbox.

```
ls ~/.config/openbox
```

Mukuyenera kuona rc.xml ndi menu.xml, mwinanso autostart. Amene muli ndi LXDE fayilo yanu ndi lxde-rc.xml, paliponse pomwe ndalemba rc.xml inu muziika dzina limenelo. Ngati foda ilibe kanthu kapena kulibeko, kopani za dongosolo lonse:

```
mkdir -p ~/.config/openbox
cp -n /etc/xdg/openbox/* ~/.config/openbox/
```

Ka -n ako n'koti isafufute fayilo yomwe ilipo kale. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, mukakweza Debian apt amasintha za mu /etc koma za mu foda yanu ya kunyumba sakhudza, ndiye menu.xml yomwe munakopa zaka zisanu zapitazo imakhala momwemo ikuitanabe zinthu zomwe kulibe. Ya mlamu wanga inachokera pa laputopu ina yomwe inafa kalekale, tinkangoisamutsa ndi fulashi.

3. Sungani zakale musanakhudze chilichonse.

```
cp -r ~/.config/openbox ~/openbox-yakale
```

Musalumphe. XML, kalembedwe ka mafayilo amenewa, ndi yamakani, kuiwala ka > kamodzi basi menyu yonse yapita.

4. Fufuzani chida chomwe chikuitanidwa.

```
grep -n -e debian-menu -e /Debian -e obm- -e execute ~/.config/openbox/*.xml
```

Mukaona /var/lib/openbox/debian-menu.xml mu rc.xml kapena id="/Debian" mu menu.xml ndiye kuti mukudalira pakeji ya menu. Mukaona execute="obm-xdg" ndi obmenu. Enanu mupeza zonse ziwiri. Lembani papepala manambala a mizere omwe grep wakupatsani kumanzereko, tiwafuna posachedwa.

Uthenga wa Openbox nawonso umanena. Ukati Invalid output from pipe-menu kapena Failed to execute command for pipe-menu ndiye kuti komandi ya pa execute kulibe kapena yatulutsa zinyalala, ukati Attempted to access menu ... but it does not exist ndiye kuti menyu yomwe yatchulidwa dzina sinapezeke, kawirikawiri ndi /Debian ija. Ngati kompyuta ili mu Chipwitikizi uthengawo ukhoza kubwera mu Chipwitikizi koma dzina la komandi limaonekabe pakati pake.

## Gawo lachiwiri: njira yachidule, obamenu

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, tiyambe ndi chomwe chili kale mu kompyuta osawononga mega ngakhale imodzi.

5. Yesani obamenu. Pakeji ya openbox ya Debian imabwera ndi kapulogalamu kotchedwa obamenu, dzina likufanana ndi obmenu koma pali a pakati ndipo ndi zinthu ziwiri zosiyana, musasokoneze.

```
obamenu | head
```

Mukaona mizere yokhala ndi openbox_pipe_menu ndi maina a magulu a mapulogalamu, ikugwira. Ikati command not found pitani ku gawo lachitatu.

6. Sinthani menu.xml.

```
nano ~/.config/openbox/menu.xml
```

Ctrl+W ndi yofufuzira. Pezani mzere wa obm-xdg ndi wa /Debian, ikani cursor pa mzerewo mudine Ctrl+K kuti uchoke, pamalo pakepo mulembe

```
<menu id="mapulogalamu" label="Mapulogalamu" execute="/usr/bin/obamenu"/>
```

Mzerewu ukhale mkati mwa root-menu, ndiye kuti pansi pa mzere wa id="root-menu" komanso pamwamba pa ka </menu> kotsekera. Mukauika kunja Openbox sadandaula ayi koma simuuona. Sevani ndi Ctrl+O, Enter, tulukani ndi Ctrl+X.

Chenjezo: ka / ka kumapeto kaja, kutsogolo kwa >, ndi kamene anthu amaiwala kwambiri. Popanda iko Openbox amadikira kotsekera komwe sikabwera.

7. Chotsani mzere wakale mu rc.xml. Tsegulani rc.xml ndi nano, fufuzani debian-menu, chotsani mzere uwu wokha

```
<file>/var/lib/openbox/debian-menu.xml</file>
```

Wa `<file>menu.xml</file>` uli pafupi pomwepo, umenewo usiyeni, ndi umene ukulozera menyu yanu.

8. Yesani XML musanauze Openbox.

```
xmllint --noout ~/.config/openbox/menu.xml ~/.config/openbox/rc.xml
openbox --reconfigure
```

xmllint ili mu pakeji ya libxml2-utils, ngati mulibe iikeni ndi apt. Ikakhala chete ndiye kuti zili bwino, ikalankhula imatchula nambala ya mzere womwe yakhumudwa nawo, koma muziyang'ananso mizere ya pamwamba pake chifukwa nthawi zambiri cholakwa chimakhala chakumwambako, iyo imangozindikira mochedwa.

Dinani batani lakumanja pa sikirini, Mapulogalamu aoneka. Kwa anthu ambiri ntchito yathera pompa ndipo ngati mwakhutira pitani ku gawo lachinayi. Ine sindikhutira nayo kwenikweni, obamenu imawerenga mafayilo onse nthawi iliyonse mukaitsegula ndiye pa hard disk yakale ija yolira ngati chigayo mumadikira kaye, komanso simungafufuze pulogalamu polemba dzina. Pa kabaraka pomwe kasitomala waima ndi 10 meticais m'manja, kudikirako kumaoneka kwakutali.

## Gawo lachitatu: jgmenu, yomwe ine ndimaika

jgmenu ndi menyu yoima payokha, yolembedwa mu C, ndi imene Linux ya BunsenLabs imagwiritsa ntchito, ndipo mu Debian ilimo kuyambira 11. Imawerenga mafayilo a .desktop mwachindunji, ikatseguka mukhoza kungoyamba kulemba "calc" n'kukusefera yokha.

9. Iikeni.

```
sudo apt update
sudo apt install jgmenu desktop-file-utils libxml2-utils
```

Ngati kompyutayo ili kumudzi kopanda netiweki, pezani ina mtauni ya Debian yofanana nambala komanso yofanana mtundu, zonse 64-bit kapena zonse 32-bit, yomwe ilibe jgmenu, muchite `sudo apt clean` kenako `sudo apt install --download-only jgmenu`, mafayilo a .deb mukawapeza mu /var/cache/apt/archives, akopereni pa fulashi. Kumudziko lowani mu foda ya fulashiyo mulembe `sudo apt install ./*.deb`. Ka ./ ako n'kofunika, popanda iko apt amaganiza kuti mukutchula dzina la pakeji ya pa intaneti. Ikadandaula kuti pakusowa pakeji ina lembani dzinalo mukatenge ulendo wina, zimachitika ngati ya mtauniyo inali nayo kale.

10. Lembani fayilo ya makonzedwe.

```
mkdir -p ~/.config/jgmenu
nano ~/.config/jgmenu/jgmenurc
```

Muikemo izi

```
csv_cmd = apps
position_mode = pointer
stay_alive = 1
icon_size = 22
font = Sans 11
```

Mzere woyamba ukuti mndandanda uchokere ku mafayilo a .desktop, wachiwiri ukuti menyu izitulukira pomwe pali mausi ngati momwe ya Openbox imachitira, wachitatu ukuti ikatsekedwa izingobisala osati kufa, n'chifukwa chake ulendo wachiwiri imatuluka nthawi yomweyo. Kompyuta ikakhala yofooka kwambiri ikani icon_size = 0, tizithunzi tichoka koma liwiro muliona. Kwa achikulire omwe maso avuta kwezani font ifike 13 kapena 14.

Yesani polemba `jgmenu_run` mu terminal. Ikatuluka, Esc imaitseka.

11. Onjezani zanu pamwamba ndi pansi. jgmenu payokha imangoonetsa mapulogalamu, yozimitsira kompyuta muyenera kuiika nokha, apo ayi anthu azizimitsa pogwira batani la power mpaka disk idzawonongeke. Pangani ~/.config/jgmenu/prepend.csv ya zapamwamba

```
Terminal,x-terminal-emulator,utilities-terminal
Intaneti,x-www-browser,web-browser
^sep()
```

ndi ~/.config/jgmenu/append.csv ya zapansi

```
^sep()
Tulukani,openbox --exit,system-log-out
Yambitsaninso,systemctl reboot,system-reboot
Zimitsani,systemctl poweroff,system-shutdown
```

Mzere uliwonse ndi dzina, komandi, kachithunzi, zolekanitsidwa ndi koma. Dzinalo lembani m'chinenero chomwe mukufuna, ine ndimalemba Chichewa, mlamu wanga anati yake ikhale Desligar chifukwa ndi zomwe mwana wogwira ntchito pamenepo anazolowera pa foni.

Chenjezo: musaike koma mkati mwa dzina. Mukalemba "Zimitsani, chonde" jgmenu iganiza kuti chonde ndi komandi.

12. Ikani njira yothawira musanasinthe mausi. Iyi ndinaiphunzira movutikira, ndinasintha batani lakumanja ndili ndi cholakwa mu fayilo, menyu yakale osatuluka yatsopano osatuluka, terminal ndinali nditatseka. Mu rc.xml fufuzani `</keyboard>`, pamwamba pake penipeni muike

```
<keybind key="C-A-t">
  <action name="Execute">
    <command>x-terminal-emulator</command>
  </action>
</keybind>
<keybind key="W-space">
  <action name="ShowMenu">
    <menu>root-menu</menu>
  </action>
</keybind>
```

Tsopano Ctrl+Alt+T izitsegula terminal ngakhale menyu itakana kutuluka, ndipo batani la Windows ndi space zizibweretsa menyu ya Openbox ija.

13. Lumikizani jgmenu ku batani lakumanja. Mu rc.xml momwemo fufuzani `context name="Root"`. Samalani apa chifukwa mawu oti Right alimo malo ambiri mu fayiloyi, ena ndi a Titlebar ena a Frame, ife tikufuna wa pansi pa Root basi. Mupeza zonga izi

```
<mousebind button="Right" action="Press">
  <action name="ShowMenu">
    <menu>root-menu</menu>
  </action>
</mousebind>
```

Zisintheni zikhale

```
<mousebind button="Right" action="Release">
  <action name="Execute">
    <command>jgmenu_run</command>
  </action>
</mousebind>
```

Taonani kuti Press yasanduka Release, kuti menyu izituluka chala chikachoka pa batani, mukasiya Press nthawi zina imaphethira n'kusowa. Kenako xmllint ndi `openbox --reconfigure` monga pa nambala 8. Mukafuna kuti ngakhale ulendo woyamba izituluka msanga onjezani mzere wa `jgmenu --hide-on-startup &` mu ~/.config/openbox/autostart, osaiwala ka & kumapeto.

Ngati mwadina koma kukutuluka menyu ina ya Create New ndi Paste, imeneyo ndi ya PCManFM yomwe ikuyang'anira desktop, lowani mu Desktop Preferences pa Advanced muchonge poti izionetsa menyu ya window manager.

## Gawo lachinayi: kusamutsa zomwe munalemba nokha

Apa ndi pamene anthu amataya zinthu. Amene munagwiritsa ntchito menu ya Debian kwa nthawi yaitali mwina munalembako zanu mu ~/.menu kapena /etc/menu, zida zatsopanozi sizipita kumeneko.

14. Onani ngati zilipo.

```
cat ~/.menu/* /etc/menu/* 2>/dev/null
```

Zakale zimaoneka chonchi

```
?package(local.sitolo):needs="X11" section="Applications/Office" title="Mabuku a Sitolo" command="libreoffice --calc /home/mwini/sitolo.ods"
```

15. Lembani fayilo ya .desktop pa chilichonse.

```
mkdir -p ~/.local/share/applications
nano ~/.local/share/applications/sitolo.desktop
```

```
[Desktop Entry]
Type=Application
Name=Mabuku a Sitolo
Name[pt]=Contas da Loja
Exec=libreoffice --calc /home/mwini/sitolo.ods
Icon=libreoffice-calc
Terminal=false
Categories=Office;
```

Kumasulira kwake n'kosavuta, title yasanduka Name, command yasanduka Exec, section yasanduka Categories, ndipo pomwe panali needs="text" muike Terminal=true. Mzere wa Name[pt] ndi umene umaoneka kompyuta ikakhala mu Chipwitikizi, ndiye ngati yanu ili mu Chipwitikizi koma mukufuna dzina la Chichewa ungouchotsani, itenga Name wamba. Pomwe ndalemba mwini ikani dzina lanu lolowera.

Pa Categories simungapeke zanu, pali maina okhazikika: AudioVideo, Development, Education, Game, Graphics, Network, Office, Science, Settings, System, Utility. Alembedwe m'Chingerezi momwemo, zilembo zazikulu pomwe pali zazikulu, kumapeto semicolon. Mukalemba Escritório poti ndi zomwe mumaona pa sikirini, pulogalamuyo ikagwera ku gulu la zotsalira kapena osaoneka n'komwe.

Chenjezo lalikulu: pa Exec sipagwira ~ kapena $HOME, lembani njira yonse kuyambira /home. Ndipo dzina la fayilo likakhala ndi space, monga "Contas de Março.ods", njira yonseyo muitsekere mu zizindikiro za " mbali zonse. Ine ndimangosintha dzina la fayilo kuchotsa ma space, mutu usandipweteke.

16. Yesani fayiloyo.

```
desktop-file-validate ~/.local/share/applications/sitolo.desktop
```

Chete ndiye kuti yakhoza. Tsegulani menyu muone, ikapanda kuoneka lembani `pkill jgmenu` mudinenso. Amene mwatsalira pa obamenu onani kaye mafoda omwe imawerenga ndi `grep -n applications /usr/bin/obamenu`, ngati ya .local mulibe ikani fayilo yanuyo mu /usr/share/applications ndi sudo cp.

17. Bisani zosafunika. Menyu yatsopano imabweretsa zinthu zambiri zomwe simunaziwonepo, ina mpaka ma terminal atatu. Musadilite za mu /usr/share/applications, apt azibwezeretsa pa update yotsatira. Kopani fayiloyo mu ~/.local/share/applications ndi dzina lomwelo, muonjezemo mzere wa NoDisplay=true pansi pa [Desktop Entry], mu jgmenu yanuyo imaposa ya dongosolo. Pa kompyuta yomwe ana asukulu amagwira ndimabisa zonse za ma partition ndi za makonzedwe.

## Gawo lachisanu: kuchotsa chakale

Dikirani masiku awiri atatu mukugwiritsa ntchito yatsopanoyo, kuthamanga sikufika.

18. Funsani kaye apt zomwe achotse.

```
apt -s purge menu
grep -l su-to-root /usr/share/applications/* ~/.local/share/applications/*
```

Ka -s ndi kongoyerekeza, sikachotsa kanthu, werengani mizere yoyamba ndi Purg kapena Remv muone ngati ikukoka pulogalamu ina yomwe mumaifuna. Komandi yachiwiriyo ndi chifukwa choti mu pakeji ya menu muli kachida kotchedwa su-to-root komwe mapulogalamu ena akale amadalira kuti akufunseni pasiwedi ya root. Safunsa anadya phula, ine ndinachotsa osayang'ana, mawa lake pulogalamu ina ndikadina osatseguka osanenanso chilichonse, ndinataya madzulo onse kufufuza. grep akatulutsa dzina la fayilo, isiyeni pakejiyo ikhale, siilemera ndipo poti Openbox sakuitananso sikusokonezani.

19. Chotsani. Ngati zonse zili zoyera

```
sudo apt purge menu
dpkg -l obmenu
```

Yachiwiriyo ikaonetsa kuti obmenu ikadalipo kuchokera ku Debian yakale, `sudo apt purge obmenu`. apt akakuuzani kuti muchite autoremove werengani mndandandawo mzere ndi mzere musanavomere.

20. Ngati kompyuta ili ndi anthu angapo, aliyense ali ndi ~/.config yake ndiye zomwe mwachitazi zakonza zanu zokha. Kwa omwe adzatsegulidwe mtsogolo

```
sudo mkdir -p /etc/skel/.config
sudo cp -r ~/.config/openbox ~/.config/jgmenu /etc/skel/.config/
```

Kwa omwe alipo kale muwakopere mmodzimmodzi, kenako chown kuti mafayilowo akhale awo. Mafayilo a .desktop omwe mukufuna aliyense aziona aikeni mu /usr/local/share/applications.

Amene muli pa ma window manager ena, pa IceWM muli ndi icewm-menu-fdo yomwe imachita ntchito yomweyi, ndipo jgmenu imayenda pa Fluxbox ndi JWM bwinobwino, chosintha ndi fayilo yomwe mumalumikizira batani basi.

## Zolakwika zomwe ndimakumana nazo kawirikawiri

Kutsegula mafayilo a kunyumba ndi sudo. Fayilo yatsopano mukaipanga ndi sudo nano imakhala ya root, tsiku lina mukufuna kuseva ikukana. Choipa china, mukalowa ngati root ndi su - ndiye kuti ~ akulozera /root, mumakonza menyu ya root n'kumadabwa kuti bwanji sizikusintha. Kukonza kwake `sudo chown -R $USER: ~/.config ~/.local` muli pa dzina lanu.

Kukopa makomandi kuchokera pa WhatsApp kapena Word. Zizindikiro za " zimasanduka zopindika zija, ndipo tizidashi tiwiri ta --reconfigure timalumikizana kukhala kamodzi katali. Pamaso zimaoneka zofanana koma kompyuta imakana. Wina akakutumizirani pa foni lembani ndi manja.

Ka & mkati mwa XML. Mu menu.xml ndi rc.xml kamalembedwa `&amp;`, ndiye label ya "Som & Vídeo" imagwetsa fayilo yonse. Mu autostart kalembeni wamba.

Kukakamira obmenu. Ena amakatenga .deb yakale pa intaneti n'kuikakamiza ndi dpkg, kenako apt yonse imayamba kudandaula za Python 2 ndipo simungaikenso chilichonse. Ngati mwachita kale, `sudo apt purge obmenu` kenako `sudo apt -f install`.

Kusintha za mu /etc/xdg/openbox pomwe muli ndi zanu mu ~/.config. Openbox amayamba kuyang'ana zanu, za mu /etc sazionanso.

Kuiwala reconfigure, kapena kuilemba muli pa sikirini yakuda ya Ctrl+Alt+F2 popanda DISPLAY=:0 kutsogolo kwake.

Fayilo yothera .desktop.txt. Zimachitika mukailembera pa Windows n'kubwera nayo pa fulashi, `ls` ikuonetsani dzina lenileni, sinthani ndi mv. Zochokera ku Windows zimabweranso ndi timathero ta mizere tosaoneka tomwe timasokoneza Exec, kuli bwino kuilembanso mu nano.

Tizithunzi tosaoneka. Si vuto la menyu, mulibe icon theme. `sudo apt install adwaita-icon-theme` kapena papirus-icon-theme, koma Papirus ndi yolemera pa mamega, kenako onjezani mzere wa icon_theme = Papirus kapena dzina la yomwe mwaika mu jgmenurc, pkill jgmenu.

Mapulogalamu a Flatpak osaoneka. Mafayilo awo a .desktop amakhala mu /var/lib/flatpak/exports/share/applications, ndipo njira imeneyo imalowa mu XDG_DATA_DIRS, mndandanda wa mafoda omwe menyu imayang'anamo, mukatuluka n'kulowanso. Onani ndi `echo $XDG_DATA_DIRS`, ngati mulibe mawu oti flatpak yambitsaninso kompyuta muonenso.

Zikasokonekera zonse osadziwa pomwe mwalakwitsa, Ctrl+Alt+T, kenako

```
cp ~/openbox-yakale/* ~/.config/openbox/
openbox --reconfigure
```

mubwerere pa nambala 4 muyambirenso, ulendo uno fayilo imodzi imodzi, xmllint mukangoseva iliyonse.